Kumanga ndi kuyendetsa paki ya zisangalalo pa gemu: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la amene angoyamba kumene magemu omanga paki ya zisangalalo, komanso amene anayamba kale koma paki yawo imangodya ndalama. Zitsanzo zambiri zachokera mu RollerCoaster Tycoon chifukwa malamulo ake amaonekera poyera, koma nzeru zake zimagwiranso ntchito mu Planet Coaster ndi Parkitect. Pamene magemuwa asiyana, ndanena.

Kodi m'magemu amenewa munthu amachita chiyani kwenikweni?

Mumapatsidwa malo, geti, ndalama zoyambira, zomwe kawirikawiri zimakhala za ngongole, ndi cholinga choti mukwaniritse. Kuchokera pamenepo zonse zili m'manja mwanu: kuyala njira, kugula zokwera, kumanga njanji za roller coaster (sitima yosangalatsa yothamanga mokwera ndi motsika), kuika mashopu ndi zimbudzi, kulemba antchito ndi kukhazikitsa mitengo. Paki yoyamba mu RollerCoaster Tycoon ya 1999, yotchedwa Forest Frontiers, imafuna kuti pofika kumapeto kwa Okutobala wa chaka choyamba mukhale ndi alendo 250, ndipo mlingo wa paki, nambala yosonyeza mmene paki ikuyendera bwino, usachepere 600. Mlingowo umalekezera pa 999. Chaka cha mugemu chimayamba mu Malichi n'kutha mu Okutobala, monga amachitira mapaki a kumayiko ozizira amene amatseka nyengo yachisanu.

Ambiri amabwera ndi mtima wofuna kumanga coaster yoopsa, ndipo palibe cholakwa. Koma amene amakupambanitsani kapena kukugwetsani ndi tianthu timene tikuyenda m'njiramo. Aliyense ali ndi ndalama zake m'thumba, njala yake, ludzu lake, malire a mantha ake ndi chikhodzodzo chake. Mukamudina amakuuzani zimene zili mumtima mwake, kaya ndi njala, kaya mtengo wamukwerera, kaya wasochera. Gemu yonse yagona pa kumva madandaulo amenewa ndi kuwayankha asanachuluke.

Ndiyambe ndi gemu iti?

Ngati mumakonda kuwerengera ndalama ndi kulimbana ndi zolinga, yambani ndi RollerCoaster Tycoon yoyamba kapena yachiwiri ya 2002. Zithunzi zake ndi zakale, ndipo njanji mumayala chidutswachidutswa pa timabwalo, koma kwa ine palibe ina imene imaphunzitsa bwino kuposa ziwirizi, chifukwa cholakwa chilichonse chimaonekera msanga ndipo gwero lake silivuta kulipeza. Pa foni pali RollerCoaster Tycoon Classic ya 2016, imene inaphatikiza zonse ziwiri.

Parkitect, ya kampani yaing'ono ya Texel Raptor, inatuluka yathunthu mu 2018. Inatengera kwambiri magemu akalewa koma inawonjezera ntchito yakuseri: katundu wa m'mashopu sabwera yekha, pamafunika antchito omunyamula kuchokera kumalo osungira, ndipo alendo sakondwa akamaona makatoni akudutsa pamaso pawo.

Planet Coaster ya 2016, yopangidwa ndi Frontier Developments ya ku Cambridge ku England, ndi ya anthu okonda kumanga. Mutha kutha usiku wonse mukukonza denga la shopu imodzi. Mbali ya ndalama ndiyofewa: mukangokhala ndi zokwera zabwino zingapo, ndalama zimangolowa zokha. Planet Coaster 2 ya 2024 inabweretsa madamu osambira ndi zotsetserekera m'madzi, komanso ntchito yopereka magetsi ndi madzi m'paki.

RollerCoaster Tycoon 3 ya 2004 ndiyo inali yoyamba mwa magemu a dzinali kulola wosewera kukhala pampando wa coaster yake n'kuona zimene okwera akuona, ndipo ikadali yokoma. RollerCoaster Tycoon World ya 2016 ingoilambalalani. Ngakhale okonda dzinali sanailandire.

Kompyuta yanga ndi yakale. Kodi ikwanitsa?

Magemu awiri oyamba aja amayenda pafupifupi pa kompyuta iliyonse imene ikuyaka. Chris Sawyer wa ku Scotland analemba pafupifupi gemu yonse yoyamba m'chilankhulo cha assembly, chomwe chimalankhula ndi makina mwachindunji, n'chifukwa chake makompyuta a 1999 ankatha kuyendetsa alendo ochuluka chonchi popanda kutsamwa. Kuti yachiwiri iziyenda bwino pa makina a masiku ano, ikani OpenRCT2, pulogalamu yaulere imene anthu ongodzipereka akhala akuikonza kuyambira 2014. Imafuna kuti mukhale ndi mafayilo a gemu yeniyeni ya RollerCoaster Tycoon 2, ndiye muyenera kuigula kaye. Imadzaza sikirini yonse, imalola kuthamangitsa nthawi, ndipo mutha kumanga paki imodzi ndi anzanu pa intaneti.

Planet Coaster ndi nkhani ina. Paki ikamakula, alendo ndi tizidutswa ta zokongoletsa zikachuluka, ngakhale kompyuta yamphamvu imayamba kukoka miyendo.

Ndimange chiyani koyamba?

Imitsani nthawi kaye, muone malo ndi cholinga. Kenako ikani zokwera zing'onozing'ono ziwiri kapena zitatu pafupi ndi geti, monga akavalo ozungulira, gudumu lalikulu ndi bwato lolendewera. Sizilemeretsa munthu, koma n'zotsika mtengo, sizitenga malo, ndipo zimapatsa alendo oyamba chochita. Onjezani chimbudzi, pogulitsira chakumwa, pogulitsira chakudya ndi kanyumba kogulitsa mapu. Lembani wosesa mmodzi ndi makaniko mmodzi. Tsegulani geti.

Ndalama zotsala zipite ku coaster imodzi yaifupi. Yaifupi, osati yaitali. Coaster imapanga ndalama malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene imawanyamula pa ola, ndiye ulendo wa mphindi imodzi umene sitima zake zikungosinthana umapindulitsa kuposa wa mphindi zinayi umene unatha ndalama zonse. Pa chifukwa chimenechi osewera akale amaikonda Shuttle Loop, kanjanji kokonzedwa kale kamene kamaponya sitima kuchokera pasiteshoni, kuizunguza mozondoka kamodzi, n'kuibweza chambuyo. Kamatenga malo ochepa ndipo kamabweza ndalama zake mwachangu.

Ndamanga coaster yaitali, yothamanga, koma palibe akukwera. Chalakwika n'chiyani?

Ili ndiye funso limene aliyense amafunsa. Mukamaliza kuyesa njanji, gemu imakupatsani manambala atatu. Loyamba, Excitement, ndi kukoma kwa ulendo. Lachiwiri, Intensity, ndi kuwawa kwake pathupi. Mu Planet Coaster m'malo mwake muli Fear, kutanthauza mantha. Lachitatu, Nausea, ndi nseru. Ongoyamba amaganiza kuti lachiwiri likakwera ndiye kuti zinthu zili bwino. Ayi ndithu. Mu RollerCoaster Tycoon likafika pa 10, kukoma kumagwa pansi ndipo alendo ambiri amakana. Tiyerekeze kuti mwapeza kukoma 2.10, kuwawa 11.40, nseru 7.80. Muona mlendo akufika pakhomo pa mzere, kuima, kutembenuka n'kumapita. Mukamudina mupeza akuti chimenecho chamuopsa. Wotsatira chimodzimodzi. Sitima ili duu pasiteshoni, koma ndalama zoisamalira zikutuluka.

Mlendo aliyense amabwera ndi malire ake. Ena safuna chilichonse choposa akavalo ozungulira, ena zofatsa zimawatopetsa, ndipo amene wakondwa amalimba mtima pang'ono kuposa masiku onse. Coaster imene kuwawa kwake kuli pakati pa 6 ndi 9, kukoma kuli pamwamba pa 6, siisowa anthu.

Chimene chimakweza kuwawa ndi mphamvu zitatu zimene thupi limamva. Ina imakukanikizira pampando sitima ikafika pansi pa chitsetso n'kuyamba kukwera. Ina imakunyamula pampando ikamadutsa pansonga ya phiri ili pa liwiro. Imeneyi ikakhala yapang'ono ndiyo okwera amaikonda kwambiri. Yachitatu imakukankhira m'mbali pokhota, ndipo imeneyi ndiyo imawononga ma coaster ambiri a ongoyamba. Tsegulani chithunzi cha mizere chimene chimaonetsa mphamvuzi pamene sitima ikuyenda, muone pomwe mzere wadumpha, mupite pamalo pomwepo. Nthawi zambiri mupeza ngodya yaing'ono, yosapendekeka, imene mwaiika pansi penipeni pa chitsetso chachikulu. Mankhwala ake alipo atatu: ikulitseni ngodyayo, ipendekeni, kapena isamutsireni pamwamba pa phiri pomwe sitima imakhala itachepetsa liwiro. Mu Planet Coaster njanji imapakidwa mitundu kusonyeza malo ovuta, ndipo pali batani losalaza mokhota.

Zozungulira mozondoka nazo zimafuna liwiro loyenera. Sitima ikalowa ikuthamanga mopitirira, okwera amapanikizika koopsa. Vutoli si la mugemu mokha. Flip Flap Railway ya ku Coney Island ku New York, ya 1895, inali ndi chozungulira chobulungira ndendende ndipo inkapweteka anthu makosi. Mu 1976, pa Revolution ya ku Six Flags Magic Mountain ku California, katswiri wa ku Germany Werner Stengel anagwiritsa ntchito chozungulira chooneka ngati dontho la madzi lozondoka, chokhota pang'onopang'ono pansi, chokhota kwambiri pamwamba, ndipo ma coaster a masiku ano amatsata chimenecho. Inu mugemu ingoonetsetsani kuti sitima ikudutsa pamwamba pa chozungulira mosathamanga kwambiri, koma osafika poima.

Ngati kuwawa kuli bwino koma kukoma kukadali pansi, mwina njanji yanu sinakwanitse zimene mtundu wakewo umafuna. Mitundu yambiri ili ndi malire obisika a kutalika kwa njanji, kuya kwa chitsetso kapena chiwerengero cha zitsetso, ndipo mukaperewera pa chimodzi manambala amadulidwa kwambiri. Onjezani chitsetso chimodzi, muyesenso.

Sitima ikulephera kukwera phiri, ikubwerera m'mbuyo.

Coaster ilibe injini. Tcheni chimaikokera pamwamba pa phiri loyamba, ndipo mphamvu zonse za ulendo zimachokera pa msinkhu umenewo. Mawilo akamakhuzana ndi njanji, mphamvuzo zimatha pang'onopang'ono, choncho phiri lililonse lotsatira liyenera kukhala lalifupi kuposa loyambalo. Tsitsani phiri limene lavutalo, kapena kwezani loyamba, kapena ikani tcheni china pamenepo. Sitima yaitali imasunga liwiro kuposa yaifupi, ndipo yodzaza anthu siyenda ngati yopanda kanthu imene munayesera, ndiye musasiye malo amene sitima ikungokwera movutikira.

Ndilipiritse pageti kapena pa chokwera chilichonse?

Mu RollerCoaster Tycoon yoyamba mutha kuchita zonse ziwiri. Mu yachiwiri paki iliyonse inakusankhirani kale njira imodzi. Pomwe pali ufulu wosankha, dziwani kuti mlendo amene walipira pageti amangolola kulipira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo umene akanalipira pa chokwera atalowa ulere. Kulipiritsa pang'ono uku ndi pang'ono uko kumangokutayitsani.

Kulipiritsa pa zokwera kumapindulitsa paki yaing'ono imene ili ndi ma coaster abwino, chifukwa mlendo amalipira ulendo uliwonse mpaka m'thumba mutauma. Mtengo woyenera amakuuzani ndi alendo omwe. Akamanena kuti chokwerachi n'chotchipa zedi, musasangalale: akukuuzani kuti mukudzibera nokha. Kwezani pang'onopang'ono mpaka wina adandaule kuti sangalipire ndalama zonsezo, kenako bwererani pang'ono. Chokwera chatsopano chimalola mtengo wokwera, koma chikamakalamba mtengo umene anthu amalola umatsika, ndiye coaster imene inali ndi mzere wautali chaka chatha ikakhala zii, yambani mwaona mtengo musanaganize zoigwetsa.

Kulipiritsa pageti kuli ndi msampha wake. Mlendo amalipira kamodzi, ndiye akakhalitsa m'paki sakubweretserani kanthu kupatula zimene wagula m'mashopu. Onaninso ndalama zimene alendo a paki imeneyo amabwera nazo. Mtengo wa pageti ukaposa zimene wosaukitsitsa ali nazo, amabwerera pageti pomwepo.

Zina zing'onozing'ono zimathandiza: kamera yojambula okwera pa coaster iliyonse, makina otapira ndalama mu gemu yachiwiri kuti wouma m'thumba asapite kwawo, ndi kandalama kochepa pachimbudzi. Pachimbudzipo musachite dyera. Mukakweza, anthu amangoyendayenda atapanikizika, nkhope zili gwaa, ndipo mlingo wa paki umatsika.

Ndalemba osesa ambiri, koma njira zadzaza masanzi ndi zinyalala.

Dinani wosesa mmodzi muone chimene akuchita. Mu gemu yoyamba mumupeza ali kutali, akutchetcha kapinga mwamtendere, pamene njira ya pakhomo pa coaster yasanduka poterera. Ntchito ya kapinga imakhala yoyatsidwa kale ndipo siitha, ndiye ithimitseni kwa aliyense. Kenako mpatseni wosesa aliyense dera lake. Wopanda dera amangoyenda kumene miyendo yamutengera, ndipo mutha kupeza asanu aunjikana ngodya imodzi. Dera likhale laling'ono, lotsata njira, ndipo potulukira chokwera chilichonse cha nseru pakhale wosesa wakewake.

Masanzi amachepa mukaika mabenchi potulukira, kuti amene mutu ukuzungulira akhale pansi mtima ukhazikike. Mu gemu yachiwiri muli kachipinda ka chithandizo choyamba. Kaikeni pafupi pomwepo. Shopu ya chakudya isakhale pakhomo pa chokwera chozunguza, pokhapokha ngati mukufuna kupatsa osesa ntchito. Mabini akhale pafupi ndi mashopu ndi mabenchi, chifukwa anthu amadyera pomwe akhala.

Uve ukachuluka, alendo amakwiya, ndipo okwiya amathyola mabenchi, nyale ndi mabini. Alonda amaletsa zimenezi pafupi ndi pomwe aima, koma mlonda sachotsa mkwiyo. Mukaona mabenchi othyoka, funani chimene chawakwiyitsa anthu musanalembe alonda ena.

Alendo akungoti asochera, ena akulephera kupeza geti lotulukira.

Alendo a m'magemu akale alibe nzeru zambiri za njira. Akafika pamphambano amasankha mbali imene ikuoneka kuti ikuloza kumene akufuna, ndiye njira imene imayamba yabwerera m'mbuyo isanafike imawasokoneza. Mu gemu yoyamba njira yotakata, ya timabwalo tiwiri kapena titatu, imawazunguza mutu chifukwa kabwalo kalikonse amakaona ngati mphambano. Yachiwiri inakonzako pang'ono, ndipo mu Planet Coaster khamu limayenda bwino panjira zotakata, moti kumeneko vuto limakhala njira yopapatiza.

Yalani njira yaikulu imodzi yozungulira paki yonse n'kubwerera pageti, ndipo tinjira tina tizichoka pamenepo n'kulumikizananso. Pewani njira zothera panjira. Pa kanjira kochokera potulukira chokwera ikani chikwangwani choletsa kulowa, kuti anthu asamalowemo n'kukagunda khoma. Mapu agulitseni motchipa. Mlendo wa mapu amadziwa zokwera zimene zili kutali ndipo amapitako.

Mapaki enieni anaiganizira kale nkhaniyi. Disneyland, imene inatsegulidwa mu 1955 ku California, ili ndi msewu umodzi wochokera pageti kukafika pabwalo lapakati, ndipo madera onse amayambira pabwalopo, nyumba yachifumu itaima poonekera kuti munthu azidziwa pomwe ali. Mugemu, kuika coaster yotchuka kumapeto kwa paki kumakoka anthu kuti adutse mashopu onse, ndipo pageti sipadzaza.

Mzere ukhale wautali bwanji?

Wokwanira sitima ziwiri kapena zitatu. Ukafupika kwambiri, sitima imanyamuka yosadzaza ndipo ofuna kukwera amapeza malo atatha n'kupitirira. Ukatalika kwambiri, anthu amaima mpaka kukwiya, ena n'kutulukamo. Mzere wautali uli ndi ubwino umodzi wokha: umachotsa anthu m'njira zikadzaza. Wovala ngati chinyama wosangalatsa anthu, kapena ma TV a pamzere mu gemu yachiwiri, amawathandiza kupirira nthawi yaitaliko.

Chiwerengero cha alendo chaima, sichikukweranso.

Paki iliyonse ili ndi malire amene gemu siikuuzani. Chokwera chilichonse chotsegula chimawonjezera chiwerengero cha anthu amene paki ingakope, coaster yaikulu kwambiri, chokwera chaching'ono pang'ono. Mukafika pamalirewo, alendo atsopano amangodontha mmodzimmodzi ngakhale mlingo wa paki uli pa 999. Njira yokhalitsa ndi kumanga zokwera zina, ndipo apa ma coaster ang'onoang'ono angapo amaposa chimphona chimodzi.

Njira yachangu ndi kutsatsa malonda. Alendo obwera chifukwa cha kutsatsa sawerengera malire aja, choncho ngati kwatsala miyezi iwiri ndipo mukuperewera anthu, yatsani makampeni onse amene mungakwanitse. Onaninso mbali inayo: mwina olowa alipo koma otuluka achuluka. Tsegulani mndandanda wa maganizo a alendo onse, umene umasonkhanitsa madandaulo ofanana pamodzi. Dandaulo limene lili pamwamba ndiyo ntchito yanu yotsatira.

Kodi ndibwereke ndalama, kapena ndidikire kuti zipezeke?

Bwerekani, bola zipite ku chinthu chimene chibweze. Mu gemu yoyamba chiwongoladzanja n'chochepa kwambiri moti kudikira ndiko kumakutayitsani, chifukwa miyezi ikupita. Mu yachiwiri chimasiyana paki ndi paki, ndiye chioneni kaye. Ngongole yomangira coaster ndi yabwino. Yogulira akasupe ndi maluwa, kapena yosalazira phiri, ayi. Kukumba ndi kukweza nthaka kumadya ndalama mwakachetechete kuposa china chilichonse.

Kafukufuku wa zokwera zatsopano naye amadya mwezi ndi mwezi, mpaka 400 m'ndalama za mugemu mukamuika pamwamba. Sankhani magulu amene mukuwafuna okha. Ngati paki ilibe pogulitsira chakumwa kapena kanyumba ka mapu, yambani ndi mashopu. Mukapeza zimene mumafuna, tsitsani ndalamazo.

Sitima zagundana, anthu afa. Ndikanapewa bwanji?

Kawirikawiri amakhala mabuleki. Chokwera chikamakalamba chimawonongeka pafupipafupi, ndipo tsiku lina mabuleki amakana pamene sitima ina ili pasiteshoni, inzake ikubwera pa liwiro. Zikatero mlingo wa paki umagwa ndipo kwa kanthawi anthu amakana kukwera, akumati si chotetezeka.

Musadalire mabuleki okha. Njanji ithere pokwera pang'ono, kuti sitima izifika pasiteshoni itatopa kale. Mu gemu yachiwiri gwiritsani ntchito ma block brake, amene amagawa njanji m'zigawo ndipo salola sitima kulowa chigawo chimene muli inzake. Mapaki enieni amachitanso chimodzimodzi. Coaster ya sitima imodzi ilibe yogundana nayo. Nthawi yoti makaniko azibwera kudzaona ngati chokwera chili bwino imakhala pa mphindi 30 zilizonse. Pa ma coaster itsitseni ifike pa 10, ndipo makaniko akhale ndi dera lomwe likufika potulukira, chifukwa ndi pomwe amalowera. Makaniko amene akuchokera kutsidya lina la paki, akudutsa m'khamu, amafika zinthu zitaipa kale.

Ndinamva za kuthira mchere wambiri pa tchipisi ndi kukweza mtengo wa maambulera. Zimathekadi?

Zimatheka, koma m'magemu osiyana. Za mchere zinayamba ndi Theme Park ya 1994, ya kampani ya Bullfrog: mukawonjezera mchere pa tchipisi anthu amamva ludzu, pafupi pomwepo mwaika shopu ya zakumwa, ndipo m'zakumwamo mwadzaza ayezi kuti chakumwa chenicheni chichepe. Gemuyi anaipanga ndi Peter Molyneux pamodzi ndi mnyamata wa zaka 17, Demis Hassabis, yemwe pambuyo pake anakhala mmodzi mwa oyambitsa DeepMind, kampani yopanga nzeru za makompyuta, ndipo mu 2024 analandira nawo mphoto ya Nobel ya Chemistry. Mu Planet Coaster muthanso kusintha zothira m'zakudya ndi m'zakumwa.

Za maambulera ndi za RollerCoaster Tycoon. Mvula ikayamba, mlendo amagula ambulera ngakhale mutaika mtengo wotsiriza umene gemu imalola, ndipo paki yonse imasanduka mtundu umodzi umene munasankha. Kukakhala dzuwa, mtengo womwewo amaudandaula. Mvula imasinthanso zokonda: anthu amathawa zokwera zapamtetete n'kukhamukira ku zofolera ndi zapansi pa nthaka, ndiye paki ya mvula yambiri imafuna zoterozo zingapo.

Kaya ndi kubera kaya ndi nzeru, weruzani nokha. Gemu imalola.

Kodi mitengo, maluwa ndi zokongoletsa zili ndi phindu, kapena n'zongosangalatsa maso?

Zili nalo, ngakhale si lalikulu ngati la chokwera chatsopano. Mu RollerCoaster Tycoon kukoma kwa coaster kumakwera ikamadutsa pafupi ndi zokongoletsa, pamwamba pa madzi, m'phanga, pansi pa njira ya anthu kapena mopiringizana ndi njanji ina. Kukoma kukakwera, mtengo nawo umakwera. Njanji yopindana pamalo ochepa imaposa yotambalala pabwalo lopanda kanthu. Mu Planet Coaster zokongoletsa za pamzere zimawerengedwa pazokha ndipo zimakweza kutchuka kwa chokwera. Mu Parkitect ntchito yake ina ndi kubisa: mpanda kapena mitengo yotchinga njira za antchito ndi malo osungira katundu.

Nthawi yake ndi pamene ndalama zayamba kutsala, osati mwezi woyamba.

Ndisewere zolinga kapena sandbox? Nanga kutenga njanji za anthu ena n'kulakwa?

Sandbox imakupatsani ndalama zopanda malire ndi zokwera zonse, ndipo ongoyamba ambiri amathamangira kumeneko n'kutopa msanga, chifukwa palibe chowakakamiza kusankha. Malo opanikiza, ndalama zochepa ndi tsiku lomalizira ndi zimene zimaphunzitsa. Malizani mapaki angapo a zolinga, kenako mupite ku sandbox mukudziwa chimene mukufuna kumanga.

Njanji zokonzedwa kale zigwiritseni ntchito popanda manyazi. Ikani imodzi, muitsatire ndi maso ulendo wonse, muone pomwe womanga anaika ngodya ndi liwiro limene sitima inali nalo pamenepo. Planet Coaster yoyamba ndi Parkitect zili ndi Steam Workshop, komwe anthu amagawana ma coaster, nyumba ndi mapaki athunthu. Amene akufuna kumvetsa masamu a kuseri kwa RollerCoaster Tycoon angaonere mavidiyo a Marcel Vos wa ku Netherlands pa YouTube, amene amayesa malamulo a gemuyi mpaka pomwe amathera.

Kodi n'zoona kuti munthu atha kumiza alendo kapena kuwatsekera m'paki?

N'zoona, ndipo pafupifupi aliyense anayesapo. Pali kachida konyamulira mlendo, kamene ntchito yake yeniyeni ndi kupulumutsa wosochera n'kumuika panjira, koma gemu siikuletsani kumuika m'nyanja. Ena amachotsa kabwalo kamodzi ka njira pafupi ndi geti, kapena kuikapo chikwangwani choletsa kudutsa, kuti chiwerengero chisatsike tsiku lomalizira lisanafike. Nkhani yotchuka kwambiri ndi ya Mr. Bones' Wild Ride ya 2012: wosewera wina anamanga njanji yoyenda pang'onopang'ono imene ulendo wake unkatha zaka zinayi za mugemu, okwera akungodandaula kuti akufuna kutsika, ndipo njira yotulukira inkawabwezera pakhomo pa chokwera chomwecho.

Gemu imalanga zonsezi. Imfa iliyonse imatsitsa mlingo wa paki kwa miyezi ingapo, ndipo anthu ofuna kutuluka amene akulephera kupeza geti amautsitsa mofulumira kuposa pamenepo, moti mutha kukwanitsa chiwerengero cha alendo koma n'kugwa pa mlingo wa 600 uja. Ngati mukufuna kuona chimene chimachitika coaster ikaponyedwa pa liwiro lonse njanji isanathe, sungani gemu kaye pa dzina lina.